Pakamwa pa a Gwedeza

A Gwedeza, eni ake chigayo, adalengeza pamsika anthu onse akumva: "Tsalani wantchito wangayu ndi pakamwa panga. Chimene wavomera iye, ndavomera ndine."

Tsiku lina sing'anga adawauza kuti chigayo chikufuna dzino la munthu kuti ogayitsa achuluke. A Gwedeza adaitana Tsalani.

"Pakamwa pakopo ndi panga. Pita kwa a Jentala ozula mano ukapangane nawo. Mawa ndikufuna dzino lakutsogolo."

Tsalani adapita akulisisita dzino lakelo ndi lilime njira yonse. Atafika adakhala pansi mwaulemu. "Andituma a Gwedeza, ndipo mawu awo ndi awa: mubwere mawa mudzazule dzino langa. Ndikamadzakana musadzandimvere, ndimaopa pulayazi."

M'mawa a Jentala adatulukira ndi amuna awiri adzitho, ndipo adawagwira a Gwedeza pamaso pa amayi odzagayitsa.

"Si ine! Ndi uyo!"

"Adanena kuti mudzakana," adatero a Jentala.

"Sindidapangane nanu ine!"

Tsalani adagwada. "Bwana, ngati dzulo padayankhula pakamwa panu, ndiye kuti 'dzino langa' lija ndi lanu. Koma ngati padali pakamwa panga, nanga langali mukulifuniranji?"

A Gwedeza adayasama kuti ayankhe. Pulayazi idali italowa kale.

Kuyambira tsiku limenelo, a Gwedeza akati atchule "chigayo" pamatuluka likhweru, ana n'kumagwa ndi phwete. Masiku ano Tsalani ndiye amawayankhulira zonse, ndi moni yemwe.