Jekete la Laputopu ya a Likongwe

Panali munthu wina wosoka zovala pakhonde la sitolo ku Dedza, dzina lawo a Likongwe. Anali telala wa kalekale, wa aja osalola batani lolendewera kudutsa pamaso pawo. Mkazi wawo anali atatsikira kulichete, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Yotamu, ankagwira ntchito ku Joni.

Ulendo wina Yotamu atabwera kudzacheza, anawasiyira bambo akewo laputopu imene iye anali ataigwiritsako kale ntchito. Anawasonyeza poyatsira ndi podina, kuti Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi azicheza akuonana nkhope. Foni sikanawathandiza. Maso a mkuluyu anali atatha ndi singano, moti pa kagalasi ka foni ankangoona chimbuuzi. Koma pa laputopu nkhope ya mwana wawo inkabwera yonse, ndevu ndi mano omwe.

A Likongwe anaikonda laputopu ija kwabasi, pakuti ndiyo inkawabweretsera mwana wawo m'nyumba. Tsiku lina akuipukuta anaitembenuza, naona kuti kunsi kwake ndi m'mbali muli timabowo tambirimbiri. Mtima unawapweteka. Paja telala akaona bowo, dzanja limamuyabwa.

"Amisiri a masiku ano," anadandaula okha, "ntchito kuisiya yosamaliza chonchi! Ndi fumbi lathu lino, ndi chisanu cha kuno, chinthuchi chikhalitsa?"

Anatenga nsalu yochindikala, naikamo thonje mkati, naisokera jekete logwira thupi bwinobwino. Anangosiya pa mabatani, pa galasi, ndi polowera zingwe. Mabowo ena onse anawatseka. Msoko wake unali wowongoka moti anthu odutsa ankaima n'kumayamikira, ndipo eni ake ankamwetulira chamumtima.

Zaka zinapitapo, laputopu ija inayamba ulesi. Ikayatsidwa inkayamba bwino. Koma macheza akangofika pokoma, nkhope ya Yotamu inkauma pagalasi, kukamwa kuli yasa, mawu n'kumabwera odukaduka. Mkati mwake munkamveka kupuma kwa wefuwefu. A Likongwe anati chimenecho n'chisanu, nayala bulangete lopinda pansi pake. Ulesi uja unangokulirakulira.

Ndiye kunabwera uthenga wokoma. Mkazi wa Yotamu anachira, mwana wamkazi, woyamba.

"Ababa," anatero Yotamu pa foni, "dzina lichokera kwa inu, monga mwa mwambo wathu. Loweruka likudzali tikumutulutsa m'chikuta. Ngati laputopuyo ikuvuta, mungotiuza pa foni pompano."

"Iyayi," anayankha a Likongwe. "Ine sindinasokerepo chovala munthu amene sindinamuone. Nanji dzina, loti alivale moyo wake wonse?"

Anakana molimba, koma atadula foni mantha anawagwira. Joni n'kutali, ndipo Yotamu sankayembekezeka kubwera msanga. Iwonso thupi linali litayamba kuwauza kuti dzuwa lapendeka. Laputopu ikakanika Loweruka limenelo, mwana adzatchulidwa ndi ena, ndipo mwina iwo adzapita osaiona nkhope ya mdzukulu wawo.

Pakhonde la sitolo sipasowa asing'anga. Wogulitsa mayunitsi anati laputopuyo yalowa vairasi. Mwini sitolo anati yadzaza, afufutemo zithunzi zonse. Wina wongodikira basi anati vuto ndi netiweki, ngakhale kuti foni yake inali kugwira bwinobwino pomwepo. Ndipo wometa tsitsi wa pafupi anaseka nati, "Madala, yangokalamba basi, ngati inu nomwe. Chokalamba sachiritsa." Onsewa anatchula matenda, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamukhudza wodwalayo. Mawu a wometa tsitsi aja ndiwo anawabaya kwambiri a Likongwe, chifukwa anawakhulupirira.

Komabe anaikulunga laputopu ija, napita nayo kumsika kwa mayi wina wokonza mafoni ndi makompyuta, dzina lake Nabiyeni. Iyeyu sanafulumire kutchula matenda. Anayamba ndi mafunso.

"Imachedwa ikangoyaka, kapena pakapita nthawi?"

"Pakapita nthawi, mayi."

"Nanga mukaizimitsa, ipumeko, n'kuiyatsanso?"

"Imayambanso bwino, kenaka yabwerera ku ulesi wake."

Nabiyeni anaiyatsa, natsegula kanema, nakhala pansi kudikira. A Likongwe mtima unali m'mwamba, koma mayiyo sanatekeseke. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita kanthawi zithunzi zinayamba kukakamira, kupuma kwa wefuwefu kuja n'kuyambika. Pamenepo Nabiyeni analowetsa zala pansi pa jekete lija.

"Bambo, tagwirani apa."

Anagwira, nabweza dzanja msanga. Panali potentha ngati simbi ya makala.

"Si chisanu ichi, bambo. Ikutentha thupi. Mabowo munatsekawa ndi mphuno zake. Mkatimu muli kafani kotulutsa mpweya wotentha, ndiye mpweyawo ukusowa potulukira. Ikatenthedwa chonchi imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Ulesi mukuuonawu, ikudzipulumutsa." Kenaka anayang'ana msoko uja. "Lasokedwa bwino jeketeli, ine sindinaonepo. Koma liyenera kuchoka. Ndidule ine, kapena mudula nokha?"

 A Likongwe manyazi anawagwira, ndi kaukali pang'ono. Pa zonse anasoka m'moyo mwawo, jekete limeneli analisoka ndi mtima wonse, popanda wowatuma, popanda wowalipira. Tsono lero auzidwe kuti ndilo linali kupha chinthu chimene ankachiteteza? Zinawawa zedi. Koma anakumbukira kuti Loweruka silidikira munthu.

Anapisa m'thumba la malaya, natulutsa sizasi yawo. Anadula ulusi woyamba, kenaka wachiwiri, natsata msoko wonse mpaka jekete linagwa patebulo.

Nabiyeni anamasula kunsi kwa laputopu. Pa kafani kaja panali pataundana chinthu chonga chisa cha mbewa: fumbi, tiulusi, ndi thonje lochokera mu jekete lomwelo. Anachotsa zonsezo mosamala, napemerera mpweya, natsekanso. Ataiyatsa, kanema uja anayenda mpaka kumapeto osakakamira, ndipo kupuma kwake kunali kwa phee.

"Sindikunamizani, bambo," anatero Nabiyeni. "Kukalamba yakalamba ndithu, singathamange ngati yatsopano. Koma mphamvu ikadali nazo. Muziika pa thabwa, osati pa bulangete, izipuma."

Loweruka lija a Likongwe anavala malaya awo a ku tchalitchi, naika laputopu patebulo popanda nsalu. Inkaoneka yamaliseche, yokalikakalika, ndipo dzanja linkafuna kuifunditsa. Analibweza. Yotamu anaonekera, kenaka mkazi wake, kenaka kanthu kokulungidwa m'shawelo koyera. Yotamu anakayandikitsa ku kamera. Kankhope kanadzaza galasi lonse, kanatsinzina, kanayasamula, n'kutsegula maso. Mkuluyo anadikira kuti chithunzi chiume monga mwa masiku onse. Sichinaume. Kamwanako kanapitiriza kugwedeza timanja take.

Anayang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'masaya, osaipukuta.

"Ababa, mukutiona?" anafunsa Yotamu.

"Ndikukuonani nonse," anayankha a Likongwe. "Mwanayu dzina lake ndi Taonana."

Tsono inu amene mukundimva, m'nyumba zanu muli anthu amene mwawaweruza kale. Uyu mwati wachita ulesi, uyo mwati wakalamba, winayo mwati ndi mmene alili basi. Musafulumire kutchula matenda muli chapatali. Khalani naye pansi, mufunse, muone nthawi imene amafooka ndi nthawi imene amatsitsimuka. Mwina mudzapeza kuti chimene chikumulemera n'chimene munamusokera inu nomwe, ndi manja achikondi: "Amayi, musagwire khasu." "Mwanawe, usapite, ungalephere." "Khala chete, ndikuyankhulira ndine." Palibe akukana kuti mumamukonda. Koma munthu wotsekedwa mbali zonse amayenda pang'onopang'ono kuti asapse mkati.

Nkhani yabwino ndi yakuti ambiri mwa iwo mphamvu akadali nazo. Kudula msoko wosoka wekha kumawawa, koma musadikire kuti adzakudulireni ena. Pitani mukadule lero, munthuyo akadali moyo.