Mbewu ya Gologolo M'phale

Chidali chaka chija njala idalowa m'nkhalango osaodira. Gologolo adali ndi loto limodzi lokha: kulima munda wakewake wa mtedza, kuti ana ake aleke kutchedwa ana a mbala. Kachikwatu ka mbewu adakapachika kudenga, nauza mkazi wake kuti asakakhudze ngakhale ana alire chotani.

Koma mimba ilibe ulemu. Mitambo itayamba kuda, Gologolo adapeza Nguluwe akusenda mtedza wobzala.

"Achimwene, mubzala wauwisi chonchi?" adafunsa uku akupukusa mutu. "Ndiye kuti mukulimira chiswe."

"Nanga nditani, mng'ono wanga?"

"Muukazinge pang'ono m'phale. Chiswe chimadana ndi fungo la moto, ndipo mbewu yofunda imadzuka msanga."

Nguluwe, chimphona cha mtima wa mwana, adakazinga n'kubzala. Gologolo adabwera m'mbuyo mwake, phando ndi phando, n'kufukula wonse. Mtedza wauwisi ngwabwino, koma wokazinga ndi nkhani ina.

M'mawa mwake adalawirira kwa Nyani.

"Malume, anzanu a Nguluwe akazinga mbewu yawo. Inu simudamve?"

"Ine ndidazidziwa kale zimenezo iwe usadabadwe," adatero Nyani, amene sankalola kuposedwa nzeru.

"Ndiye za kamchere mukuzidziwanso, koingitsira mbewa kaja."

"Ndithu, mchere ndiwo mwini nkhani."

Gologolo adadya wothira mchere sabata yonse, n'kumaseka yekha m'nthambi. Khasu lake lidachita dzimbiri, munda wake uli tchire.

Mvula idagwa yabwino, koma m'mizere ya Nguluwe mudangomera udzu. Gologolo podutsa adamupeza atakhala pachulu, tiana take titamuzinga, nthiti zili pamtunda. Adafuna kuzemba, koma Nguluwe adali atamuona kale.

"Usachite manyazi, mng'ono wanga," adatero Nguluwe. "Iwe udati pang'ono, ine ndidapsereza. Ana awa ndawapha ndine."

Kukalipiridwa kukadapepukako. Atamva mawu amenewo, Gologolo adadziona kuti ndi woipa. Kuulula adalephera, poopa mano a Nguluwe. Adangolumbira chamumtima kuti akakolola adzagawira anawo theka, ndipo adathamangira kumunda kwake n'kuunda mizere mpaka manja matuza okhaokha.

Pobwerera, asadafike n'pakhomo pomwe, mphuno idamva kafungo kamene ankakadziwa bwino. Pabwalo padali Nguluwe, phale lili pamoto, chikwatu chake cha mbewu chija chili chapululu pambali.

"Ndati ndikupepuze ntchito, poti wachedwa kubzala," adatero Nguluwe akumwetulira. "Ulendo uno ndasamala. Taona, palibe ndi imodzi yomwe yapserera."

"Ndidayamba ndakana, bambo a ana," adatero mkazi wake, "koma alamuwa akuti nzeruyi njanu."

Gologolo adayang'ana phale, adayang'ana ana ake, adayang'ananso nkhope yokoma mtima ya Nguluwe.

"Zikomo, achimwene," adatero potsiriza. "Mwakazinga bwino."

"Tiye tikabzale chinyezi chisadathe."

Adapitadi. Nguluwe ankakumba mapando akuimba, Gologolo akuponyamo loto lake njere imodziimodzi n'kumakwirira ndi phazi. Ana ake ankadumphadumpha m'mbuyo, akufunsa kuti umera liti.

"Posachedwa," adawayankha, maso ali pansi.

Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mpaka lero mukaona gologolo akukwirira mtedza kenaka n'kubwerera kudzaufukula, musamuyese wadyera. Akuona ngati mwina umodzi wamukhululukira n'kumera.