Kamtedza ndi Mtengo Wothawa

Kalekale, milatho isanabwere, kunali mnyamata dzina lake Kamtedza. Kwawo kunali kumapiri, mtsinje waukulu sankaudziwa.

Amalume ake anamufunsira mkazi kutsidya la mtsinje, dzina lake Mwatitha. Tsiku lokalowa chikamwini, amalume ake anamuuza kuti, "Mphwanga, apongozi ndi oopsa. Ukawaona, patuka. Ukangowalakwira tsiku loyamba, mkazi umuiwale."

Kamtedza ananyamula khasu ndi mphasa. Anayenda, anayenda, mpaka pamtsinje. Powolokera pake panali mtengo umodzi wogoneka.

Anakwerapo. Atafika pakati, anayang'ana pansi. Madzi ali thamangethamange. Anayang'anitsitsa. Ha! Anaona ngati madzi aima, mtengo ndiwo ukuthawa naye kumtunda.

"Mayo ine! Mtengo wanditenga!"

Anakhala pansi n'kuukumbatira. Ine ndikamakamba pamenepa, manyazi amandigwira ngati ndi m'bale wanga.

Atadzutsa mutu, anaona kanthu kutali kudambo, kakang'ono ngati chala, kakuyenda.

"Iwe kamwana! Thamanga udzagwire mtengowu!"

Kamwana kaja kanayamba kubwera. Kakubwera, kakukula. Kakubwera, kakukula.

"Iwe mtsikana, fulumira! Miyendoyo ndi yobwereka?"

Akubwera, akukula.

"Achemwali, chonde..."

Akubwera, akukula. Imvi mbuu! Anali a Nangondo, mayi ake a Mwatitha.

Kamtedza anayang'ana uku ndi uku. Mwambo ukuti apatuke, koma pamtengo umodzi upatukira kuti?

A Nangondo nawonso sakanalankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Anatembenuka n'kuyamba kuuza galu wawo amene ankawatsatira.

"Galu iwe, auze alendowo kuti mtengo uwu anaugoneka ndi malemu amuna anga. Sunapitepo kulikonse. Asiye kuyang'ana madzi, ayang'ane chulu icho."

Kamtedza anayang'ana chulu. Mtengo zii, waima. Anakwawa mpaka kutsidya, n'kugwada kuseri kwa chitsamba.

"Galu," anatero Kamtedza, "uwauze kuti anali maso, sindinali ine."

"Galu iwe," anayankha a Nangondo, "afunse. Maso ndiwo ananena kuti miyendo yanga ndi yobwereka?"

Galu anangoyasamula.

"Auzenso kuti kamwana kaja kali ndi mwana mmodzi yekha, ndipo sikapereka kwa munthu wotukwana asanaone nkhope. Njira yobwerera ndi yomweyo."

Basi, ukwati unathera pamtsinje pomwepo. Mwatitha anadikira mpaka dzuwa kupendeka, ndiwo zinazizira, mwamuna osafika.

Mukuseka, ana inu? Sekani, koma mumve. Ukayang'anitsitsa madzi oyenda, choima chimaoneka ngati chikuyenda. Munthu akakhala patali, amaoneka wamng'ono. Maso akanama, palibe amene angakuimbe mlandu. Koma pakamwa pakathamanga, mlandu ndi wako. Dikira munthu ayandikire, ndiye umutchule.

Yanga nthano ndi imeneyo, yathera pomwepa.