Thumba Pamutu pa Kapitawo

Lufeyo analakwa ndithu. Anaseka pamene kapitawo wake, a Chimbalanga, anagwa ndi njinga m'matope, ndipo sanapepese.

M'mawa mwake chilango chinabwera. "Matumba a mtedza ali m'shedimu uwandandalike, kuyambira lopepuka mpaka lolemetsetsa. Usatulutse ngakhale limodzi, usasanjikize. Ukalephera, ntchito yatha."

M'shedimo munali mothinana, mopanda poika thumba pambali.

"Bwana," anatero Lufeyo, "kuti matumba awiri asinthane malo, limodzi liyenera kudikira m'mwamba. Koma pano palibe wa khosi lolimba woti n'kulisenza."

"Palibe? Iwe, ndisenzetse!"

Lufeyo akanatha kupeza lopepuka n'kulipititsa kutsogolo kamodzi kokha. Koma iye anasankha kumasinthanitsa oyandikana okhaokha, mwakuti thumba lililonse linkakwera pamutu pa kapitawo, kutsika, n'kudzakweranso.

Dzuwa litafika paliwombo, a Chimbalanga anafunsa, thumba lili pamutu:

"Tatsala pang'ono?"

"Tangoyamba kumene, bwana."

"Tulutsa onse panja! Sanjikiza! Ntchito ndi yako, ingonditula!"

Lufeyo anavula chipewa, n'kugwada mosafulumira, thumba likadali pamutu pawo.

"Ndisanakutuleni, bwana, pepani za njinga zija."