Tsinde la Iyi, Nsonga ya Iyo

Kuseri kwa nyumba yometera kunali chipinda cha masewera a pulu, omenya mipira ndi ndodo pathebulo, ndipo mwini wake anali mlamu wake wa wometayo. Thebulo linali limodzi lokha, koma ankalilera ngati khanda. Kwa zaka zambiri mlamuyo anapondaponda kwa akuluakulu a bungwe la masewerawa kuti ndime yomaliza ya mpikisano idzachitikire kwake, ndipo chaka chimenecho anamuvomera. Anayala nsalu yatsopano yobiriwira pathebulo, naletsa aliyense kutsamirapo ngakhale chigongono. Akuluakuluwo anali atanena mosapsatira kuti zikayenda bwino azibwera chaka ndi chaka, koma zikavuta asadzawaitanenso.

Wometa uja, amene anzake ankamutcha Diso chifukwa sankaphonya mpira, ndiye anafika mu ndime yomalizayo. Koma munthu akatchuka, zakale zimayamba kumununkha. Ndodo za pakhoma zimene zinamufikitsa pamenepo anayamba kuziona zokhota, ndipo anafuna yakeyake, yomanga ndi kumasula pakati, yonyamula m'kachikwama ngati ya akatswiri.

Kusitolo mayi wogulitsa anamuyalira ndodo ziwiri. Ina inali ndi tsinde lakuda lokongola, lolemera bwino m'manja. Inayo tsinde lake linali losaoneka bwino, koma nsonga yake, ataigubuduza pakauntala, inayenda myaa osadumpha. Diso anagwira iyi, nagwira iyo, nabwereranso ku yoyamba, mtima uli pawiri.

"Mayi, mundipatse tsinde la iyi ndi nsonga ya iyo."

"Sizitheka, bambo. Taonani mazinga ake. Kachitsulo ka iyi n'kakakulu, bowo la iyo n'laling'ono. Iliyonse inabadwa ndi mnzake."

"Zikalowana. Ine ndimamasula makina ometera tsiku ndi tsiku."

"Mtengo si makina. Sankhani imodzi, zonsezi n'zabwino."

Diso, poti khutu lake linali lokongoletsa mutu chabe, anagula zonse ziwiri. Atafika kunyumba anakankhira zidutswa zosafunikazo kunsi kwa bedi, nayamba kulumikiza zokondedwa zakezo. Zinakana. Anakulunga nsonga m'thaulo, naipana ndi mawondo, napotokola tsinde ndi manja onse awiri mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Kachitsulo kanalowa, koma munamveka kaphokoso kakang'ono, the!

"Chalira n'chiyani, bambo ake mwana?" anafunsa mkazi wake, amene anali mlongo wake wa mwini thebulo.

"Ndi mtengo ukukhazikika."

"Musakawachititse manyazi achimwene. Tulo sakupeza ndi mpikisanowu."

"Akagona bwino ndikatenga chikho."

Loweruka masana chipinda chinadzaza, ena kusuzumira pawindo. Akuluakulu a bungwe anakhala pamipando yobwereka, mlamu ali chiimire pambali pawo, atavala malaya ositidwa mpaka kuwala. Diso atatulutsa ndodo yake anthu anang'ung'udza ndi kusirira, ndipo mlamuyo, monga mwa chilamu chawo, anamuponyera nthabwala.

"Alamu, ndodoyo yakuposani kukongola. Tikwatitsa iyoyo kwa mlongo wanga."

Anthu anaseka. Diso anapaka choko kunsonga, nawerama kuti amwaze mipira. Anabweza mkono kutali, nauponya ndi mphamvu zonse za munthu wofuna kuonedwa.

Ndodo inathyoka pamfundo, thyo! Nsonga inaulukira kumbali, koma mkono unali utapita kale. Tsinde linatsikira pathebulo kachitsulo kali patsogolo, ndipo linalima nsalu yatsopano ija kuchokera pomwe anaima mpaka pakati, mwala wapansi n'kuonekera mbee.

Mpira woyera unagubuduka pang'onopang'ono, n'kukaima pamphepete pa chibowo osakhudza mnzake ndi mmodzi yemwe. Diso anakhala chiweramire, kukamwa kuli yasa, theka la ndodo lili m'dzanja. Anachita mantha kuposa tsiku lililonse m'moyo wake, ndipo sanathe kukweza maso. Mayi wina pawindo anagwira pakamwa. Amene ankapikisana naye anatsamiritsa ndodo yake kukhoma mwakachetechete ngati ali pamaliro.

Mkulu wa bungwe anatola nsonga ija pansi, nayang'ana bowo lake long'aluka, nayang'ananso tsinde.

"Izi si za ndodo imodzi," anatero motsitsa mawu, akumubwezera Diso nsongayo. Kenako anatembenukira kwa mwini chipinda. "Thebulo lina lilipo?"

"Palibe, bwana."

"Ndiye tikamalizira kwina. Pepani."

Anthu anatuluka mmodzimmodzi kutsatira akuluakuluwo, mpaka munatsala anthu atatu: Diso, mkazi wake ndi mlamu wake. Mlamu anayendetsa chala m'mbali mwa nsalu yong'ambikayo, kuyesa kulumikiza milomo yake, koma inkabwerera. Diso anadikira kuti amulalatire, ndipo akanakonda kutukwanidwa kumene. Koma mlamuyo analankhula mwaulemu wozizira, umene sanamulankhulepo nawo chikwatirire mlongo wake.

"Bambo, mukamatuluka mutseke chitseko. Kiyi wa khomo lakuseri mumupatse mlongo wanga."

Mkazi wa Diso sanamudikire mwamuna wake, anatsatira mchimwene wake akupukuta misozi. Diso anatsala yekha ndi zidutswa ziwiri m'manja, zina ziwiri zili kunsi kwa bedi, ndodo yathunthu alibe ndi imodzi yomwe. Makolo akale sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.