Mbuzi Nayo Ikaone Nyanja

Chaka chimene matipate anali akadali wamoto, a Efulemu a ku Mitundu anagulitsa bwino fodya, nalonjeza ana awo atatu kuti akaona nyanja ku Salima. Mkazi wawo, Zipora, analongedza mwachidule: chinangwa chophika, ambulera ndi zitenje zopukutira. Koma bambowo anati zolamula munthu mmodzi zinatha, mwana aliyense asankhe chotenga ndipo pasapezeke womukaniza.

Zipora anawakumbutsa kuti wina mwa ovotawo amakodzabe pamphasa. Iwo anati amenewo ndi maganizo a chipani chimodzi.

Jenipher, wachisamba, anasankha wailesi yaikulu kuti akavinire pamchenga. Fanuel wa Sitandade 3 anafuna chubu chosambirira. Jeremiya, chitsirizira, analoza mbuzi yake, nati nayonso sinaonepo nyanja. Bambo anavomera zonse. Chubu chitasowa pamsika, anamunyengerera dalaivala wa matola amene anachita hayala mpaka anasolola cha m'tayala la sipeya.

"Bambo a Jenipher, tayala likaphulika tikwera mbuziyo?" anafunsa Zipora.

"Mayi, musaphwanye ufulu wa ana."

Mwa voti yomweyo anadzera msewu wafumbi wa ku Nathenje, ati azakhali a anawo, okhala kumeneko, awaoneko akupita kunyanja. Zipora, ali kutsogolo, ankangocheukira kumbuyo. Mbuzi inayamba ndi chinangwa, inapitiriza ndi mawaya a wailesi, kenako inatembenukira chubu. A Efulemu anati nayo ndi ya paulendo, isiyeni.

Pafupi ndi mlatho wa Nathenje tayala linaphulika. Dalaivala anatsitsa sipeya, naitanitsa chubu chake. Fanuel anachipereka akulira, chili mazenera okhaokha.

Apa Zipora sanadikirenso voti. Anatsetsereka ndi ana kumtsinje, madzi ake olekeza m'mawondo, natambasula ambulera. Jenipher anakhala pamwala atatupa ngati finye. Jeremiya anavula, nalowa, nafunsa ngati nyanja ija ndi imeneyi.

"Ndi yomweyi, mwanangu. Ndi imene abambo ako akwanitsa."

Kumtunda, a Efulemu ankagubuduza tayala kufunafuna womata, mbuzi ili pambuyo ikuwatafuna jekete. Mpaka lero Jeremiya amalimbana ndi anzake kuti nyanja ili ndi mlatho, ndipo azimayi amachapiramo matewera.

Paja akulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.