Banga la Pabalaza pa Che Sumani

Che Sumani anafika kwa Shehe Ndembo ali wefuwefu, chitini cha penti chili m'manja. Mwana wamkazi wa Che Sumaniwo ankamanga ukwati wa nikaha Lachisanu, ndipo bambowo chimwemwe chinali chosefukira, mapazi osakhazikika pansi. Chimodzi chokha ndicho chinkawadya mumtima.

Atapatsana salamu anati, "Shehe, ndithandizeni. Pabalaza ndapaka penti wodula, wa ku Joni weniweni, koma banga lachikasu likungotulukanso. Ndikapaka m'mawa, madzulo labwerera. Akuchimuna adzakhala pomwepo, ine manyazi ndidzawaika kuti? Muwerengereni duwa pentiyu, mumupempherere. Apa pali dzanja la munthu."

Dzanja ankanenalo linali la mkulu wawo, Che Twaibu. Awiriwa atayambana, anadula nyumba ya malemu bambo awo ndi khoma pakati, aliyense khomo lake, moti ngakhale pamsewu ankaphonyana maso. Ku ukwatiko Che Twaibu sanaitanidwe.

Shehe sanaseke, ngakhale kuseka kunalipo. "Duwa ndi yabwino nthawi zonse," anatero, "koma tiyeni ndikalione kaye khomalo."

Atafika, anagunditsa chikhatho pabangapo. "Pakuzizira. Kuseriku kuli yani?"

"Ajawa," anayankha Che Sumani, akuloza ndi mlomo mbali ya mkulu wawo.

"Ndiye denga likudontha mbali yawo, madzi n'kumatsika m'njerwa. Khoma lonyowa silisunga penti. Podonthapo patsekedwe, khoma liume, mupale penti wakaleyu, mupake wapansi wa andakoti, kenako wanu wa ku Joniyo."

Nkhope ya Che Sumani inawala ngee. Anayamba kuzungulira pabalazapo, m'maganizo akuona kale alendo akuyamikira khoma loyera. "Alihamudulila, si zapafupi izi? Mmisiri akwerera mbali yanga ino, akakhome lata mwakachetechete. Ajawa sadziwa n'komwe."

Shehe anawayang'ana mwachifundo, nalankhula motsitsa mawu.

"Che Sumani, denga la mwini sitikwera osapempha. Komanso taganizani. Madzi amene afika kwanu kuno ndi otsala chabe. Ambiri akugwera pamphasa pawo. Inu mukudandaula banga, mkulu wanu akugona ponyowa dzinja lonseli. Ikani pansi chitinicho, ntchitoyi siyambira pakhoma. Tiyeni ndikuperekezeni pakhomo pawo, koma odi mukanene ndinu."